Chilembo chimodzi chachikulu chikhoza kuimitsa pulogalamu yonse

Amene wayamba kulemba mapulogalamu osunga deta, tsiku ili limamufikira ndithu. Mu database, nkhokwe yosungiramo deta m'matebulo, muli kolamu yotchedwa DataNascimento. Mukuiona ndi maso anu pa sikirini, masiku obadwa a anthu ali ndandanda pansi pake. Koma mukalemba funso loti database ikupatseni masikuwo, PostgreSQL, pulogalamu yoyendetsa database yanuyo, ikuyankha kuti:

ERROR: column "datanascimento" does not exist

Mubwereza kuwerenga dzinalo chilembo ndi chilembo, palibe chomwe mwadumpha. Kusiyana kuli pa D ndi N pokha: inu munalemba zazikulu, uthenga wabwera ndi zazing'ono. Kolamu ilipo, deta ilipo, koma database ikukana kuti ikuidziwa.

Kuno ku Tete dandaulo limeneli ndimalimva kwa achinyamata omwe akupanga timapulogalamu ta magulu a alimi ku Angónia ndi ku Tsangano, ta masitolo a ku Moatize, ta masukulu a mumzinda. Ambiri mwa iwo matebulo awo sanawalembe ndi manja. Analongosola deta yawo mu C#, mu JavaScript kapena mu Python, chida china n'kuwalembera SQL (chiyankhulo cholamulira database) yopangira matebulowo. Vuto limabadwira pamenepo. Mu database imodzi mukulowa olemba awiri, chida ndi munthu, ndipo aliyense ali ndi kalembedwe kake ka mayina.

Lamulo linachokera kuti

Kwa kompyuta chilembo ndi nambala. Mu ASCII, A wamkulu ndi 65, a wamng'ono ndi 97. Kwa makina, A ndi a n'zosiyana chimodzimodzi A ndi B. Kuti kompyuta izitenge ngati chilembo chimodzi, pafunika munthu alembe lamulo loti izitero.

SQL inabadwira ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1970. Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anaifotokoza mu 1974, nthawi imeneyo ikutchedwa SEQUEL. Olemba mapulogalamu a masiku amenewo anakulira pa makadi oboola ndi pa makina omwe ambiri anali ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Ngakhale ASCII yoyamba ya 1963 inalibe zilembo zazing'ono, zinalowa mu 1967. Sizodabwitsa tsono kuti muyezo wa SQL, womwe bungwe la ANSI linaukhazikitsa koyamba mu 1986, umakondera zilembo zazikulu.

Muyezo wa 1992, wotchedwa SQL-92, umagawa mayina pawiri. Dzina lopanda mitengero limasandutsidwa lonse kukhala la zilembo zazikulu lisanasungidwe kapena kufufuzidwa: nome, Nome ndi NOME onse amakhala NOME. Dzina lomwe lili m'mitengero iwiri, monga "Nome", silikhudzidwa. Limasungidwa momwe mwalembera, ndipo kuti mudzalipeze muyenera kulilemba chimodzimodzi, ndi mitengero yake yomwe.

Kusandutsaku kumachitika kawiri: tsiku lopanga tebulo, komanso nthawi iliyonse yomwe mukufunsa. Ngati palibe amene akuika mitengero, mayina onse amathera mbali imodzi, ndipo mutha kugwira ntchito zaka osadziwa n'komwe kuti lamuloli lilipo. Ngati onse akuika mitengero ndi kalembedwe kamodzi, zimayendanso. Zimasokonekera pamene wopanga tebulo anaika mitengero, wofunsa sanaike. Anthu a m'malire nkhani yotere timaidziwa pa BI, chiphaso cha unzika: dzina lomwe analemba ku registo, ofesi yolembetsera anthu, tsiku lija ndilo lanu kuboma, kaya kunyumba amakutchulani bwanji, ndipo ku banki chilembo chimodzi chikasiyana ndi cha pa chiphaso amakubwezani. Registo ya kolamu ndi CREATE TABLE.

Database iliyonse ndi khalidwe lake

Oracle, Db2, Firebird ndi H2 zimatsatira muyezo: dzina lopanda mitengero limakhala la zilembo zazikulu. Mu Oracle, kolamu ikapangidwa ngati "nome" m'mitengero inu n'kuifunsa popanda mitengero, mumalandira ORA-00904: invalid identifier, chifukwa database yapita kukafufuza NOME.

PostgreSQL inatembenuza lamuloli. Dzina lopanda mitengero imalisandutsa la zilembo zazing'ono, ndipo buku lake lamalangizo limavomera poyera kuti apa ikusemphana ndi muyezo wa SQL. Kwa ife ku Mozambique iyi ndi yofunika kuidziwa bwino, chifukwa DHIS2, pulogalamu ya deta ya zaumoyo pomwe panamangidwa SIS-MA ya Unduna wa Zaumoyo, imasunga deta yake mu PostgreSQL, ndipo ODK Central, yolandira mafomu a kafukufuku ochokera m'mafoni, imateronso. Taonani malamulo awiri awa:

CREATE TABLE socios (DataNascimento date);

CREATE TABLE socios ("DataNascimento" date);

Ndi maso akufanana. Loyamba likupanga kolamu yotchedwa datanascimento, ndipo mutha kuifunsa ndi zilembo zilizonse. Lachiwiri likupanga kolamu yomwe dzina lake lili ndi D ndi N zazikulu mpaka kale, ndipo funso lililonse lopanda mitengero lidzaiphonya. Ngati dzina la tebulo nalonso linapangidwa m'mitengero, monga "Socios", uthenga umasintha n'kukhala relation "socios" does not exist, koma gwero lake ndi lomwelo. PostgreSQL imalolanso kuti tebulo limodzi likhale ndi kolamu nome ndi ina "Nome", iliyonse ndi deta yake. Izi zimachitika wina akaona uthenga woti kolamu kulibe, n'kuganiza kuti mankhwala ake ndi kuipanganso. Kuyambira tsiku limenelo pulogalamu imalemba mu imodzi, lipoti limawerenga mu inayo.

MySQL ili ndi msampha wina. Mayina a makolamu siisamala kukula kwa zilembo, kaya ili pa kompyuta yanji. Koma mayina a matebulo amadalira makina, chifukwa tebulo limakhala ndi fayilo lake pa disiki, ndipo Linux imasiyanitsa mafayilo Socios ndi socios pomwe Windows siisiyanitsa. Chowongolera chake ndi lower_case_table_names: pa Linux chimayamba chili 0, pa Windows 1, pa macOS 2. Nambala 1 ikutanthauza kuti mayina a matebulo amasungidwa m'zilembo zazing'ono, ndipo powafufuza kukula kwa zilembo sikuwerengedwa.

Ndiye taganizani za wophunzira amene wamanga pulogalamu yake pa laputopu ya Windows ndi XAMPP, yomwe imabwera ndi MariaDB, m'bale wake wa MySQL. Mu khodi analemba Socios, database inasunga socios, zonse zinkayenda. Tsiku loika pulogalamu pa intaneti akopera database kupita pa seva yobwereka, yomwe nthawi zambiri imakhala ya Linux. Matebulo afika ndi zilembo zazing'ono, khodi ikufunabe Socios, ndipo tsamba lililonse likufa ndi cholakwika nambala 1146: Table doesn't exist. Iye sanasinthe kalikonse, ndipo akunena zoona. Kuthawira kosintha nambala ija kulibe, chifukwa mu MySQL 8.0 imaikidwa kamodzi kokha, pokhazikitsa seva. Komanso pa seva yobwereka inu simuloledwa kuikhudza.

SQL Server imatsatira collation ya database, ndiye kuti malamulo ofananizira zilembo omwe anasankhidwa poipanga. Dzina la collation likakhala ndi CI, monga Latin1_General_CI_AS, kukula kwa zilembo sikuwerengedwa. Likakhala ndi CS kumawerengedwa, ngakhale pa mayina a makolamu. Khodi yomwe yakhala ikuyenda bwino pa database ya CI itha kugwa tsiku lomwe yaikidwa pa ya CS. SQLite, yomwe ili m'foni iliyonse ya Android, siisamala kukula kwa zilembo pa mayina, bola zikhale za A mpaka Z.

Chifukwa chake zida zimaika mitengero

Zida zolemba SQL sizichita izi mwachibwana. Chida sichidziwa dzina lomwe munthu adzasankhe. Wina adzatcha tebulo lake user, wina order, wina group, ndipo onsewa ndi mawu omwe SQL inadzisungira. Mu PostgreSQL mukalemba SELECT * FROM user simulandira cholakwika. Mumalandira mzere umodzi wokhala ndi dzina lomwe mwalowera mu database, osati anthu a m'tebulo lanu. Wina adzaika mpata pakati pa dzina. Njira yachidule yothanirana ndi zonsezi ndi kuika dzina lililonse m'mitengero. Chida chimatero popanga tebulo, chimateronso pofunsa, choncho chokha sichidzipunthwitsa.

Entity Framework Core, chimodzi mwa zida zimenezi, ikamagwira ntchito ndi PostgreSQL kudzera pa Npgsql, imatenga mayina a C# momwe alili, ndi zilembo zazikulu zoyambira, n'kupanga "Socios" ndi "DataNascimento". Prisma, chida chinanso chotere, imachita chimodzimodzi: model User imabereka tebulo "User", ndipo createdAt imakhala "createdAt". Sequelize imawonjezera yokha makolamu "createdAt" ndi "updatedAt" pa tebulo lililonse. SQLAlchemy ya Python ili ndi lamulo lake: dzina la zilembo zazing'ono zokhazokha imalisiya, koma likangokhala ndi chilembo chachikulu chimodzi imaliika m'mitengero.

Bola pulogalamuyo ikhale yokha, palibe chovuta. Koma database siikhala ya pulogalamu imodzi nthawi yaitali. Mawa wina afuna lipoti la mwezi, atsegula pgAdmin n'kulemba SQL ndi manja. Mkucha wina alumikiza Power BI, pulogalamu yopangira malipoti, kapena alemba kapulogalamu ka PHP kotumiza mauthenga kwa alimi. Aliyense wa iwo akulemba momwe anaphunzirira, popanda mitengero, ndipo aliyense akugunda khoma lomwelo.

Hibernate ya Java imayendera mbali ina. Siika mitengero pokhapokha muiuze, ndipo Spring Boot imasandutsa dataNascimento kukhala data_nascimento isanatumize funso. Mukalumikiza pulogalamu ya Spring Boot ku database yomwe inapangidwa ndi Entity Framework, mayina atatu akukumana: mu Java muli dataNascimento, mu funso mwapita data_nascimento, mu tebulo muli "DataNascimento". Ena pofuna kuthana nazo amayatsa hibernate.globally_quoted_identifiers. Izi zimaika mitengero paliponse, koma sizichotsa kamzere kapansi komwe Spring Boot yaika kale; pafunika kusinthanso naming strategy, lamulo lomwe chida chimatsatira pomasulira mayina, kapena kulemba dzina lenileni pa kolamu iliyonse.

Pali zida zina zomwe zimayambira ku database n'kulemba khodi: jOOQ, inspectdb ya Django, Scaffold-DbContext ya .NET. Izi zimakopera mayina momwe zawapezera. Django ikapeza kolamu ya zilembo zosakaniza imaipatsa dzina la zilembo zazing'ono mu Python, n'kusunga lenileni mu db_column, n'kusiya ndemanga yoti Field name made lowercase. Ndi khalidwe labwino, chifukwa silibisa chomwe lachita. jOOQ imaika mitengero pa mayina omwe yakopera, ndiye mukapanga khodi yanu kuchokera ku H2 ya pa laputopu, mayina onse amatuluka ngati "NOME". Khodi imeneyo ikafika pa PostgreSQL, komwe SQL yomweyo yopanda mitengero inabereka nome, palibe kolamu ngakhale imodzi yomwe ipezeke. Fayilo lopangira matebulo ndi limodzi, koma database ziwirizo zinalimva mosiyana.

Ndi Excel ndiye zimafika poipa. Deta yambiri ya m'mabungwe athu imayambira mu Excel kapena m'mafomu a KoboToolbox, ndipo mitu ya makolamu inalembedwa kuti munthu awerenge: Nome Completo, Preço, Localidade. Wina aitenga ndi pandas, chida cha Python chokonzera deta, n'kuitumiza ku database ndi to_sql. Mitu ija imasanduka mayina a makolamu momwe ilili, ndi zilembo zazikulu, ndi mipata yomwe. Ngati wolemba Excel anasiya mpata kumapeto kwa Distrito, mpatawo umalowa m'dzina, ndipo pa sikirini suoneka.

Pamene palibe uthenga wa cholakwika

Uthenga woti kolamu kulibe umapweteka mutu, koma ndi wachifundo, chifukwa umaimitsa ntchito n'kukuuzani pomwe pavuta. Choopsa ndi cholakwika chosalankhula, ndipo chimabisala m'mayankho omwe database imabweza.

Tiyerekeze gulu la alimi a mbatata ya kachewere ku Ulongué. Ali ndi kapulogalamu ka JavaScript kowerengera ndalama za mlimi aliyense. Mu tebulo muli kolamu peso_kg, ndipo wolemba pulogalamu, pofuna dzina logwirizana ndi khodi yake, analemba:

SELECT peso_kg AS pesoKg FROM entregas;

PostgreSQL siikana funsoli. Imangosandutsa dzina latsopanolo kukhala pesokg n'kubweza mizere yonse bwinobwino. Koma JavaScript imasiyanitsa zilembo, choncho row.pesoKg imapereka undefined, osadandaula. Wolembayo anali wosamala, anaika kale kuti kulemera kukasowa pakhale 0. Pepala lituluka mu printa, mayina onse alipo, midzi yawo ilipo, kumapeto kwa mzere uliwonse kuli 0,00 MT.

Msungichuma wa gululo, bambo wachikulire, aligwira pepalalo n'kuyendetsa chala pansi mpaka kumapeto. "Mwana wanga, apa ukuti alimi onsewa sanabweretse kanthu? Matumba aja tinayeza tonse pa sikelo, dzuwa likuswa mtengo."

"Bambo, makilo ali momwemo, ndaona ndi maso anga mu database."

Onse awiri akunena zoona. Ndipo apa mwayi ulipo, chifukwa ziro pa mzere uliwonse aliyense amuona. Koma dzina losokonekera likadakhala la kolamu ya ngongole ya feteleza, yomwe imachotsedwa pa malipiro, manambala akadaoneka abwinobwino, okwera pang'ono chabe. Ndalama zikadapita pa M-Pesa ndi e-Mola, ndipo cholakwikacho chikadadziwika pa nthawi yobweza ngongole, thumba la gulu litaperewera. Nkhani ngati imeneyo siithera pa kompyuta. Imafika pa msonkhano, ndipo woyamba kukayikiridwa amakhala msungichuma amene sanabe kalikonse. Ine ndi chifukwa chimenechi ndimakana kuti nkhani ya zilemboyi ndi yaing'ono. Kukonza kwake ndi zizindikiro ziwiri zokha, AS "pesoKg", koma kuti muzilembe muyenera kudziwa kuti zikufunika. Ndipo chizolowezi choika 0 paliponse pomwe deta yasowa ndi chomwe chimatseka pakamwa cholakwika. Pa nkhani ya ndalama ndi bwino pulogalamu iime n'kukuwa.

PHP ndi Oracle zimachitanso zofanana nazo mbali inayo. Mizere imabwera ndi mayina a zilembo zazikulu, ndiye $row['nome'] imakhala yopanda kanthu pomwe $row['NOME'] ili ndi dzina. PDO, yomwe imalumikiza PHP ndi database, ili ndi chowongolera, PDO::ATTR_CASE, chokakamiza mayina onse obwera kuti akhale a zilembo zazing'ono kapena zazikulu. Ku Java, ResultSet ya JDBC siisamala kukula kwa zilembo potenga kolamu, n'chifukwa chake olemba Java ambiri vutoli amadzaliona koyamba akasamukira ku chiyankhulo china.

SQLite ili ndi kakhalidwe kena kakalekale. Dzina lomwe lili m'mitengero iwiri likapanda kufanana ndi kolamu iliyonse, imalitenga ngati mawu wamba. Kolamu ikhale preço, inu mulembe SELECT "preco" FROM vendas, mulandira liwu loti preco pa mzere uliwonse m'malo mwa mitengo. Eni ake a SQLite amavomera kuti kakhalidweka n'kolakwika, ndipo mu 2019, ndi SQLite 3.29, anabweretsa njira yokazimitsira.

Ç, ã ndi ŵ

Mabuku ambiri ophunzitsa SQL amaganizira munthu wolemba Chingerezi. Ife mayina a makolamu timawalemba m'Chipwitikizi, nthawi zina m'Chichewa, ndipo zilembo zathu zina zili kunja kwa A mpaka Z. Mu database ya PostgreSQL ya UTF-8, yomwe ndiyo yofala, kusandutsa kuja kumakhudza zilembo za ASCII zokha. Mukalemba PREÇO popanda mitengero, P, R, E ndi O zimachepa, koma Ç imakhala momwemo. Dzina lomwe lasungidwa ndi preÇo. Mawa mukalemba preço, database ikuuzani kuti kulibe, pomwe mitengero simunaigwiritse ntchito ndi kamodzi komwe. Ŵ wathu wa m'Chichewa amachitanso chimodzimodzi, komanso Ã ndi É.

Mu SQL Server, AS ija ya kumapeto kwa collation ikutanthauza kuti zizindikiro za pa zilembo zimawerengedwa: Preço ndi PREÇO ndi kolamu imodzi, koma Preco ndi ina. Ndipo kiyibodi ikakhala ya Chingerezi, monga zilili pa malaputopu ambiri ogula kaunjika, ç amavuta kumupeza, munthu amangolemba c.

Ngakhale khodi ya chida chenichenicho itha kupunthwa pa nkhani ya chiyankhulo. Ku Java, toLowerCase imatsatira chiyankhulo cha kompyuta, ndipo pa kompyuta ya Chiteki I wamkulu amasanduka ı wopanda kadontho, choncho ID siikhalanso id. Kuno sitikumana nazo kawirikawiri, koma amene akulemba chida chakechake chopangira mayina agwiritse ntchito Locale.ROOT.

Zomwe ndimalangiza

Musanasinthe kalikonse, funsani database yeniyeniyo kuti mayina inawasunga bwanji. Khodi yanu ndi zojambula za pa pepala zimakuuzani zomwe munkafuna. Zomwe zilipo zili apa:

SELECT table_name, column_name FROM information_schema.columns WHERE table_schema = 'public';

Mu psql, pulogalamu yolembera malamulo ku PostgreSQL, \d socios imakuonetsani zomwezo. Kuti mugwire mpata wobisika uja, gwiritsani ntchito quote_ident pa column_name: dzina lililonse lomwe libwere lili m'mitengero ndi lomwe lidzafune mitengero moyo wake wonse. Mu Oracle yang'anani mu USER_TAB_COLUMNS. Yatsaninso log yoonetsa SQL yomwe chida chanu chikutumiza. Anthu ambiri amagwiritsa ntchito ORM, chida cholemba SQL chija, miyezi osaona funso ngakhale limodzi lomwe yalemba, pomwe yankho la vuto lawo lili pa mzere woyamba wa log.

Pa database yatsopano maganizo anga ndi amodzi. Mayina a matebulo ndi makolamu akhale a zilembo zazing'ono za a mpaka z, manambala, ndi kamzere kapansi kolekanitsa mawu: data_nascimento, peso_kg, preco. Mu PostgreSQL dzina lotere ndi lomwelo kaya mwaliika m'mitengero kaya ayi, choncho chida ndi munthu amakumana pamodzi popanda kupangana. Pa MySQL limayenda pa Windows ndi pa Linux pomwe. Preço wokhala ndi ç wake alembedwe pa sikirini ndi pa lipoti, pomwe anthu amawerenga. Oracle yokha ndi yofuna kusamala: kumeneko lembani mayina omwewo koma musalole chida kuwaika m'mitengero, kuti database iwasandutse yokha kukhala DATA_NASCIMENTO.

Izi sizikutanthauza kuti khodi yanu isiye kalembedwe ka chiyankhulo chake. Chida chilichonse chili ndi pomasulira mayina. Mu Prisma mumalemba @map("data_nascimento") pa kolamu ndi @@map("socios") pa tebulo. Mu Entity Framework Core muli phukusi la EFCore.NamingConventions lokhala ndi UseSnakeCaseNamingConvention. Mu Sequelize ndi underscored: true. Django, Laravel ndi Rails zimakonda kale kalembedwe ka kamzere kapansi. Ndi pandas, konzani mitu musanaitumize: chotsani mipata ya kumapeto, chepetsani zilembo, sinthani ç kukhala c. Zonsezi ndi ntchito ya mphindi zochepa ikachitika tsiku loyamba, migration yoyamba (fayilo la malamulo opangira kapena kusintha matebulo) isanathamange.

Yesani pulogalamu pa database ya mtundu womwewo ndi yomwe idzagwire ntchito. Ndikudziwa chifukwa chake anthu amayesera pa SQLite kapena H2: n'zopepuka, sizifuna intaneti, ndipo bandulo ya deta ndi yodula. Koma PostgreSQL mumaitsitsa kamodzi kokha, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yakale. SQLite imakhululuka zolakwa za zilembo zomwe PostgreSQL siidzakhululuka.

Masiku ano ambiri SQL akuilembetsa kwa ChatGPT ndi zinzake. Zida zimenezi database yanu siziiona. Mukangoti "ndipatse masiku obadwa a mamembala", zipeka dzina looneka loyenera, mwina data_nascimento, mwina DataNascimento popanda mitengero. Zipatseni CREATE TABLE yeniyeni, ndi mitengero yake, muziuze kuti ndi PostgreSQL kapena MySQL, koma deta ya anthu musaiike kumeneko.

Nanga database yomwe ilipo kale, yodzaza ndi "DataNascimento"? Ngati ikugwiritsidwa ntchito ndi pulogalamu imodzi yokha ndipo olemba SQL ndi manja ndi ochepa, isiyeni, mungolemba pamalo poonekera kuti mayina onse amafuna mitengero. Ngati olowamo akuchuluka, kusintha kuli ndi phindu, ndipo lamulo lake ndi lalifupi:

ALTER TABLE socios RENAME COLUMN "DataNascimento" TO data_nascimento;

Mu PostgreSQL lamuloli silikopera deta, limangosintha dzina, choncho limatha msanga ngakhale pa tebulo lalikulu. Ma index, ma foreign key ndi ma view (mafunso osungidwa omwe amaoneka ngati matebulo) amatsatira okha, chifukwa mkati amaloza kolamu ndi nambala yake. View imapitiriza kutulutsa dzina lakale kwa oifunsa, ndipo izi zitha kukuthandizani: malipoti akale amene amawerenga kudzera pa view sagwa tsiku lomwelo. Zomwe sizitsatira ndi zonse zomwe zinasunga dzinalo ngati mawu olembedwa: ma function a PL/pgSQL (timapulogalamu tosungidwa mkati mwa PostgreSQL), mafunso osungidwa mu Power BI kapena mu Excel, ndi SQL iliyonse yolembedwa ndi manja mu khodi. Function yotere siidandaula tsiku losintha. Imadzagwa ikadzaitanidwa, mwina kumapeto kwa mwezi. Choncho fufuzani dzina lakale mu khodi yonse ndi m'ma function musanayambe, tengani backup ndi pg_dump, ndipo kusinthako kulowe mu migration imodzi ndi kusintha kwa @map kapena naming convention. Migration yomwe chida chalemba muiwerenge musanaithamangitse: zida zina, Prisma ndi chimodzi mwa izo, zikaona dzina lasintha zimalemba DROP COLUMN ndi ADD COLUMN m'malo mwa RENAME, ndipo zikatero kolamu yatsopano imabwera yopanda kanthu, deta yakale itapita. Mzere umenewo muusinthe ndi manja ukhale RENAME COLUMN, muuyese kaye pa kope la database.